Mayeso a pa foni: wakhutira ndani, wophunzira kapena wodwala?

Kwathu ku Rivirivi, m'boma la Balaka, mwana aliyense amadziwa pomwe netiweki imagwira. M'nyumba ayi. Imagwira pachulu china chomwe chili kuseri kwa khola la mbuzi la amalume, pafupi ndi mlambe. Ukakwera pamenepo n'kukweza mkono, timizere tiwiri timaoneka pa foni. Kukachita mitambo kamatsala kamodzi. Anthu amapita pomwepo akafuna kulankhula ndi achibale a ku Joni kapena kutumiza uthenga wa maliro.

Pachulu pomwepo ndi pomwe mchemwali wanga wamng'ono adalembera mayeso ake a unamwino ndi uzamba. Amaphunzira pa koleji ina yomwe sinditchula dzina, chifukwa nkhaniyi si ya koleji imodzi. Tchuthi chawo chidatalika mosayembekezereka, ndiye aphunzitsi adalengeza pa gulu la WhatsApp kuti mayeso apakati pa semesita alembedwa pa intaneti, aliyense komwe ali. Mafunso 60, ola limodzi, kuyamba 9 koloko m'mawa.

Adakonzekera ndithu. Dzulo lake adakatchajitsa foni pa shopu yometera tsitsi, amayi adagulitsa ndowa ya nandolo kuti apeze ya bandulo, ndipo ana onse adauzidwa kuti asayandikire pachulupo. Atafika pa funso la 23, tsamba lidangoima, kachizindikiro kaja kakungozungulira. Adatsika, adakweranso, adazimitsa foni n'kuyatsanso. Pomwe netiweki imabwerera n'kuti kutatsala mphindi 9. Adatumiza atayankha mafunso 31 okha.

Patatha masiku atatu kudabwera linki ya fomu yofunsa kuti: mwakhutira bwanji ndi mayeso a pa intaneti? Sankhani pakati pa 1 ndi 5. Iye sadayankhe, bandulo idali itatha. Atabwerera kusukulu adamva kuti ambiri mwa omwe adadzaza fomuyo adati akhutira kwambiri, ndipo akufuna kuti njira yomweyo ipitirire. Adandiimbira usiku womwewo.

"Achimwene, ndiye ineyo andiwerengera mbali iti?"

Funso limeneli landivutitsa mpaka lero, n'chifukwa chake ndalemba izi. Maganizo anga ndi awa: kufunsa ophunzira ngati akhutira n'kwabwino, koma yankho lawo palokha silingakhale maziko oti sukulu zophunzitsa anamwino, azamba ndi madokotala zigamulirepo kalembedwe ka mayeso. Pali ophunzira omwe fomu sidawafikire. Palinso munthu wina yemwe safunsidwa n'komwe, amene ndi wodwala uja adzagone pabedi kudikira wophunzirayo akadzamaliza.

Tidafika bwanji pano?

Anzanga a msinkhu wanga mukukumbukira. Pa 23 March 2020 boma lidatseka sukulu zonse m'dziko muno poopa Covid-19, odwala oyamba asadapezeke n'komwe, poti adalengezedwa pa 2 April. Sukulu zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September chaka chomwecho, kenako zidatsekedwanso kwa masabata angapo mu January 2021. Ine ndidali kukoleji nthawi imeneyo. Tidaphunzira mayina atsopano: Zoom, Moodle, Google Classroom. Koma kunena zoona, maphunziro ambiri adayenda pa WhatsApp, aphunzitsi akutumiza mawu ojambula ndi manotsi, ife tikudikira pakati pausiku kuti tiwatsitse ndi bandulo yotchipa.

Kwa ife ophunzira utolankhani, vutoli lidali la magiredi basi. Ndikalakwitsa, mkonzi amandibwezera nkhani kuti ndilembenso. Kwa anzathu a zaumoyo nkhani n'njosiyana. Omaliza maphunziro ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, omaliza ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komanso a m'makoleji a CHAM monga St Luke's ku Malosa, onsewa amakagwira thupi la munthu. Cholakwika chawo sichibwezedwa ndi cholembera chofiira.

Covid-19 idadutsa, koma chizolowezi chidatsala. Pakachitika chilichonse chosokoneza kalendala, kaya namondwe, kaya mliri, kaya kusowa kwa mafuta a galimoto, ganizo loti "tingolemba pa intaneti" limabwera msanga. Ndipo woliikira kumbuyo amakhala ndi umboni m'manja: ophunzira adati akhutira.

Ndani adayankha fomu ija?

Sindikuti omwe adati akhutira adanama. Zifukwa zawo n'zomveka. Wophunzira wa ku Nsanje yemwe sukulu yake ili ku Lilongwe amapulumutsa ndalama ya basi. Kuchokera pomwe kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya ulendo si yamasewera. Wina amalemba bwino akakhala payekha kusiyana ndi mu holo momwe woyang'anira akuyendayenda kumbuyo kwake. Zotsatira zimatuluka msanga chifukwa kompyuta imachonga yokha, ndipo palibe zoti pepala lako lasowa mu ofesi. Izi ndi zabwino zenizeni, tisazinyoze.

Koma taganizani momwe fomu yotere imayendera. Imatumizidwa pa intaneti, kufunsa za intaneti, ndipo amayankha ndi omwe ali ndi intaneti. Zili ngati kuima pakhomo la lesitilanti n'kumafunsa otuluka ngati mumzindamo muli njala. Amene netiweki idamudukira pa funso la 23 ndi yemweyo amene sangatsegule fomu. Mawu ake sawerengedwa kuti ndi "sindidakhutire." Amangosowa, ndipo chiwerengero chimaoneka chokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinanso n'choti wofunsa ndi mphunzitsi yemwe ali ndi magiredi ako m'manja. Ngakhale atalemba pamwamba kuti dzina lako silioneka, wophunzira wa chaka choyamba amene akuopa sapu sangakhulupirire msanga. Ife Amalawi timaleredwa kuti tisatsutse akuluakulu pamaso. Timadina 4 kuti nkhani ithe.

Ndiye pali chifukwa chachitatu chomwe sitimachitchula pagulu koma tonse tikuchidziwa. Ena adakhutira chifukwa buku lidali lotsegula pambali, gulu la WhatsApp likuyenda, mayankho akugawana ngati zitumbuwa. Munthu wotere ukamufunsa, adina 5 mosaganizira kawiri. Kukhutira kwake n'koona, koma sikutiuza kanthu za zomwe akudziwa.

Magetsi ndi netiweki sizisankha wanzeru

Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, 84 amakhala kumudzi. Mabanja omwe amaunikira ndi magetsi adali pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse, ambiri mwa iwo m'tauni. Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zasinthako. Masola achuluka, MAREP yafikitsa mapolo m'misika ina, ndipo Starlink idalowa m'dziko muno mu 2023. Koma mtsikana wa kwa Utale kapena wa ku Nayuchi yemwe makolo ake amadalira thonje ndi nandolo, Starlink amangoimvera pa Facebook.

Ngakhale okhala m'tauni sali pabwino penipeni. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tidakhala mumdima wa maola ambiri tsiku lililonse mpaka makinawo adakonzedwa mu 2023. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja zina za netiweki zimafookanso. Choncho wophunzira akhoza kukhala ndi batire yodzaza, bandulo yokwanira, mutu wodzaza, koma osatha kutumiza yankho.

Mayeso cholinga chake n'kusiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa. Akayamba kusiyanitsa wa laputopu ndi wa foni yosweka sikirini, wa ku Area 47 ndi wa ku Rivirivi, ndiye kuti akuyesa thumba la makolo. Funso la zaumoyo nthawi zambiri limakhala lalitali: mayi wa zaka zakuti, mimba ya miyezi yakuti, wabwera ndi zizindikiro zakuti, kuthamanga kwa magazi kwafika pakuti, muchita chiyani choyamba? Wa laputopu amaliona lonse nthawi imodzi. Wa foni amakweza ndi kutsitsa tsamba, dzuwa likuwala pa sikirini, mphindi zikutha. Onse awiri apatsidwa ola limodzi, koma ola lawo si lofanana.

Ndipo apa dziko limadzipweteka lokha. Mwana yemwe wakulira kumudzi, wodziwa Chiyao ndi Chichewa, wozolowera kabaza ndi madzi a pamjigo, ndi amene savutika kukakhala pa chipatala chaching'ono cha kumudzi akamaliza maphunziro. Tikamugwetsa chifukwa cha netiweki, tataya namwino yemwe akadakhalitsa kumene anamwino akusowa.

Nkhani ya likasa

Kubera mayeso sikudayambe ndi intaneti. Mu November 2020 boma lidaimitsa mayeso a MSCE atabooka, ndipo ophunzira adalembanso mu January 2021. Adali mayeso a papepala, okhala ndi oyang'anira ndi apolisi. Ngati likasa lidayenda pamenepo, nanga munthu ali yekha m'chipinda mwake ndi mafoni awiri?

Pano zafika pena. ChatGPT idatuluka mu November 2022, ndipo patangopita miyezi yochepa ofufuza ku America adaonetsa kuti imatha kufika pafupi ndi malikisi okhozera mayeso a USMLE, omwe madokotala a kumeneko amalemba kuti apatsidwe chilolezo. Kuyambira pamenepo mapulogalamu otere angokulirakulira. Funso losankha pakati pa A, B, C ndi D lomwe wophunzira akulemba kunyumba popanda womuona, foni yachiwiri ikhoza kuliyankha m'masekondi.

Ena amati yankho lake ndi mapulogalamu olondera kudzera pa kamera. Wophunzira amayatsa kamera, amaonetsa chipinda chonse, ndipo pulogalamuyo imamuchonga akayang'ana kumbali kapena pakamveka mawu. Kumayiko akunja njirayi yabweretsa mavuto ake. Ophunzira akhungu lakuda ku Ulaya ndi ku America adadandaula kuti mapulogalamu ena amalephera kuzindikira nkhope zawo mpaka atadziwalitsa ndi nyale. Mu 2021, sukulu ya madokotala ya Geisel ku Dartmouth, m'dziko la America, idaimba mlandu ophunzira 17 kuti adabera mayeso a kunyumba, potengera zomwe makina adasunga. Padabuka mkangano woti makinawo amatha kuonetsa ngati munthu watsegula manotsi pomwe foni kapena kompyuta yake yangodzilumikiza yokha, ndipo pamapeto pake sukuluyo idathetsa milandu yonse n'kupepesa.

Tsono tengani pulogalamu yomweyo muibweretse kwathu. Kamera yoyaka ola lathunthu imadya bandulo yochuluka bwanji? Chipinda chokhala wekha chili kuti m'nyumba ya anthu asanu ndi atatu? Tambala akalira, mwana akadutsa, agogo akaitana kuti "iwe, tabwera udzaone mbuzi zalowa m'munda," pulogalamu ichonga kuti wabera. Palinso funso la zithunzi za m'nyumba za anthu: zikusungidwa kuti, akuziona ndani? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina, Data Protection Act ya 2024, ndipo sukulu iliyonse yofuna kujambula ophunzira m'zipinda zawo iyenera kuyankha mafunso amenewa isadayambe.

Choncho sukulu imakhala pakati pa miyala iwiri. Ikasiya osalondera, magiredi sakhulupirika. Ikalondera ndi kamera, osauka ndi omwe amapwetekeka, ndipo osalakwa akhoza kunamiziridwa.

Manja saphunzira pa sikirini

Ife a ku Balaka ndi Machinga tili ndi chifukwa chapadera choganizira nkhaniyi mofatsa. Mliri wa kolera womwe udalengezedwa mu March 2022 udayamba ndi bambo wina wochokera m'boma la Balaka yemwe adagonekedwa pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde. Udafalikira m'maboma onse, ndipo anthu oposa 1 700 adamwalira. Udali mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino.

Wodwala kolera amatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Maso amalowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera msanga, kugunda kwa mtsempha pa dzanja kumamveka patalipatali. Wophunzira aliyense akhoza kuloweza zimenezi n'kusankha yankho lolondola pa foni. Koma kupeza mtsempha wofwaphira pa mkono wozizira, mu tenti, usiku, achibale akulira panja, kuti diripi ilowe, palibe fomu ya pa intaneti yomwe ingatiuze ngati munthu akutha. Chimodzimodzi kupapasa mimba kuti udziwe momwe mwana wagonera, kuthandiza khanda lomwe labadwa osapuma, kapena kuuza mayi nkhani yowawa m'chilankhulo chomwe amamva.

N'chifukwa chake maphunziro a zaumoyo ali ndi mayeso otchedwa OSCE, omwe Ronald Harden ndi anzake adawafotokoza koyamba ku Dundee, m'dziko la Scotland, mu 1975. Wophunzira amadutsa m'malo angapo, paliponse mphindi zowerengeka. Apa ayeza wodwala, apo aika diripi pa chidole, uko afotokozera mayi kamwedwe ka mankhwala, mphunzitsi akuyang'ana ndi kuchonga. Ndi mayeso odula ndi otopetsa, ndipo ukafunsa ophunzira ngati amawakonda, ambiri akuuza kuti amawachititsa thukuta. Tikadatsatira kukhutira kokha, amenewa ndi omwe akadayamba kuchotsedwa. Koma ndi omwe amateteza agogo anga.

Tisaiwale kuti m'zipatala za m'maboma, ntchito yaikulu, kuphatikizapo maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera, imagwiridwa ndi ma clinical officer ndi anamwino, nthawi zina popanda wamkulu woti amufunse. Womaliza maphunziro akatumizidwa ku chipatala chaching'ono, usiku woyamba womwewo akhoza kukhala yekha. Kumeneko netiweki yofunsira foni kulibe, ngati pachulu paja.

Kodi ndikudana ndi chitukuko?

Wina anena kuti mtolankhani uyu akufuna tibwerere ku choko ndi bolodi. Ayi ndithu. Inuyo mukuwerenga izi pa foni, inenso ndalembera pa kompyuta. Mu March 2020, Imperial College London idalembetsa ophunzira ake a udokotala a chaka chomaliza mayeso a pa intaneti ali kunyumba, mabuku ali ololedwa. Mafunso adapangidwa mofuna kuganiza, moti kutsegula buku sikukadapulumutsa munthu wosadziwa. Izi zikutiphunzitsa kuti mayeso a pa intaneti akhoza kukhala abwino ngati mafunso akonzedwa mwaluso. Koma wophunzira wa ku London sakwera chulu.

Pali kusiyana komwe timakusokoneza kawirikawiri: mayeso a pa kompyuta ndi mayeso a kunyumba si chinthu chimodzi. Madokotala a ku America amalemba USMLE pa kompyuta, koma m'malo osankhidwa, okhala ndi oyang'anira. Namwino wa ku Malawi wofuna kukagwira ntchito ku Britain amalemba gawo loyamba pa kompyuta pamalo ovomerezeka, kenako amakayesedwa OSCE pamaso pa oyesa kumeneko. Ngakhale kumeneko kuli magetsi osazima ndi intaneti yothamanga, mayeso amenewa salembedwa munthu ali pabedi lake. Ifeyo tingathamangire chiyani?

Zomwe ndikupempha

Choyamba, tisiyanitse mayeso. Timayeso tating'onoting'ono tothandiza wophunzira kudziyesa yekha tikhoza kulembedwa paliponse, pa foni, nthawi iliyonse m'masiku awiri kapena atatu, ndipo tisamalemere kwambiri pa giredi yomaliza. Mayeso omwe amagamula kuti munthu apite chaka china kapena alandire chiphaso alembedwe pamalo pomwe pali woyang'anira. Mayeso a manja akhale pamaso, basi.

Chachiwiri, ngati vuto ndi ulendo, mayeso ayandikire wophunzira. Malo alipo kale. Mzuzu University ili ndi malo a maphunziro apatali ku Balaka, Mulanje, Lilongwe ndi Karonga. Ku Machinga kuli koleji ya aphunzitsi. Zipatala za m'maboma zili ndi zipinda zochitira misonkhano. Sukulu zikagwirizana, mothandizidwa ndi MAREN yomwe ntchito yake ndi kulumikiza makoleji pa intaneti, wophunzira wa ku Rivirivi akhoza kukwera kabaza mpaka pa Balaka, n'kulemba pa kompyuta yokhala ndi sola ndi woyang'anira, n'kubwerera kwawo madzulo. Mafunso akhoza kuikidwiratu pa kompyuta ya pamalopo kuti netiweki ikaduka mayeso asaime.

Chachitatu, pomwe mayeso a kunyumba sangapeweke, malamulo alembedwe ndipo wophunzira awadziwiretu. Yankho lililonse lizisungika likangodinidwa. Netiweki ikaduka, wotchi iziima. Pakhale nambala yoimbira nthawi yomweyo, ndipo amene wadukiridwa apatsidwe mwayi wolembanso popanda kulipira ngati sapu. Munthu asaimbidwe mlandu wobera chifukwa choti makina atero, popanda kumumva mbali yake.

Chachinayi, MACRA ndi makampani a mafoni, TNM ndi Airtel, akambirane ndi sukulu kuti masamba olembera mayeso azitseguka popanda kudya bandulo. A HESLGB, omwe amapereka ngongole kwa ophunzira, aone kuti masiku ano laputopu ndi data zili ngati mabuku. Ndowa ya nandolo isamathere pa mayeso a ola limodzi.

Chachisanu, a NCHE, a Medical Council of Malawi ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi ndi omwe amaima pakati pa sukulu ndi wodwala. Aike muyeso umodzi wodziwika: ndi mayeso ati omwe angalembedwe kutali, ndi gawo lalikulu bwanji la giredi lomwe lingachokere kumeneko, ndipo sukulu iyenera kukhala ndi chiyani isadayambe. Mphunzitsi aliyense asamangodzuka n'kulengeza pa WhatsApp.

Chomaliza, kafukufuku wa kukhutira apitirire, koma achitike bwino. Fomu iperekedwenso papepala ophunzira akabwerera, kuti wa pachulu naye alankhule. Zotsatira zinene kuti adafunsidwa angati ndipo adayankha angati. Zisiyanitse wa foni ndi wa laputopu, wa kumudzi ndi wa m'tauni. Zifunse kuti netiweki idaduka kangati, ndalama zidapita zingati. Ndipo sukulu iyerekeze: omwe adakhoza bwino kunyumba, adachita bwanji pa OSCE ndi mu wodi? Yankho la funso limeneli ndi lolemera kuposa nyenyezi zisanu.

Kwa anzanga ophunzira

Nanunso muli ndi mbali yanu. Fomu ikabwera, musadine 4 kuti nkhani ithe. Nenani zoona, ndipo ngati inu zidakuyenderani, kumbukirani mnzanu wa m'kalasi yemwe adangoti zii pa gulu tsiku lonse. Mabungwe a ophunzira asonkhanitse mayina a omwe adadukiridwa n'kupita nawo kwa akuluakulu mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Netiweki ikaduka, jambulani sikirini pomwepo, nthawi ikuoneka. Ndi umboni wanu.

Ndipo za foni yachiwiri ija, ndilankhule ngati mnzanu. Ndikumvetsa mantha. Fizi ndi yodula, kumudzi konse akuyang'ana inu, kubwereza chaka kuli ngati imfa. Koma funso lomwe foni yakuyankhirani lero lidzabweranso, litavala chitenje, litanyamula mwana wotentha thupi, 2 koloko usiku. Tsiku limenelo mudzafuna kuti mukadalephera pa sikirini n'kuphunziranso.

Mchemwali wanga adalemba kalata yodandaula, ndipo atadikira masabata angapo adaloledwa kulemba mayeso ena papepala limodzi ndi anzake ochepa omwe zidawachitikira zomwezo. Adakhoza. Ena sadalembe kalata, kaya chifukwa cha manyazi, kaya sadadziwe kuti n'zotheka, ndipo giredi ya tsiku lija adakali nayo. Panopa ali mu wodi ya amayi oyembekezera, kuphunzira ndi manja. Sabata yatha adandiuza kuti kwa nthawi yoyamba adaika diripi kamodzi n'kamodzi osaphonya mtsempha, ndipo mayi wake adamuuza kuti, "Zikomo mwanangu, sindinamve n'kuwawa komwe."

Akulu a kwathu amakumbukira chaka cha 2003 pomwe madzi osefukira adakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi, sitima n'kusiya kufika ku Lilongwe kwa nthawi yaitali. Njanji yonse idali bwinobwino, padangoduka pamodzi. Maphunziro a pa intaneti nawo ali choncho: seva ikhoza kukhala yamphamvu ku Blantyre, mafunso abwino, aphunzitsi odzipereka, koma ngati paduka pa Rivirivi, wophunzira safika. Akuluakulu a sukulu za zaumoyo, musadalengeze kuti ophunzira akhutira, yambani mwawerenga omwe sadayankhe.